Malonje a Nthanda

Pa lesitilanti ya Chitchaina ya a Lau, mu kamsewu kena kopanikiza ka mumzinda wa Hull ku England, antchito ankadya chakudya chawo alendo asanayambe kufika. Dzuwa likapendeka, Mayi Lau ankagogoda chikombe pa poto, ndipo aliyense ankasiya chimene akugwira: ophika awiri, mtsikana woperekera zakudya, Bambo Lau amene mawu awo ankasowa ngati mvula ya mu Ogasiti, ndi Nthanda wotsuka mbale. Onse ankazungulira tebulo limodzi, ndiwo zili pakati, aliyense ndi kambale kake ka mpunga. Pa tebulo limenelo panalibe bwana, panalibe wantchito. Tsiku la nsomba, Mayi Lau ankatapa mnofu wa patsaya ndi timitengo todyera n'kuuponya m'mbale ya Nthanda, maso atayang'ana kwina.

"Idya. Wauma ngati nsungwi. Anthu aziti ndimakumana chakudya."

Nthanda anali wa ku Linthipe, ku Dedza. Mapepala ake okhalira m'dziko anali asanatuluke, ndipo lamulo silinkamulola kugwira ntchito pamene akudikira. Koma lamulo silikanamulipirira sukulu mwana wake Lizzie, amene anamusiya kwa mchemwali wake kumudzi. Anti Phyllis, mayi wa kutchalitchi amene ankagwira ntchito yosamalira okalamba, ndi amene anamupezera malo kwa a Lau, pamodzi ndi kachipinda ka pamwamba pa khitchini, kofunda ndi mpweya wa mbaula ngakhale m'nyengo yozizira. Pangano linali limodzi lokha: katani yofiira imene inalekanitsa khitchini ndi kodyera alendo, Nthanda asaidutse.

Chaka cha 2007 mzindawo unadzaza ndi alendo. Kunali kukumbukira kutha kwa malonda a akapolo, ndipo mabasi ankatsitsa anthu ochokera ku Amereka amene ankabwera kudzaona nyumba yakale yosungiramo mbiri imeneyo. Akatopa ndi kulira misozi pa maunyolo a m'magalasi, njala inkawatsogolera kwa a Lau.

Mayi Lau ankawazindikira asanatsegule chitseko.

"Nsapato zoyera, mawu a pamsonkhano. Afika," ankatero, akuwongola bulauzi n'kuvala kumwetulira ngati munthu wovala chipewa.

Pa tebulo la antchito ndi pamene alendowo ankasendedwa ngati mbatata. Wophika wamkulu ankatsanzira mmene amathirira msuzi wa soya mpaka mpunga kusambira. Mnzake ankadandaula kuti amabaya timitengo pakati pa mpunga n'kutisiya chiimire, chinthu chimene kwawo amachitira akufa okha. Mtsikana uja ankaseka kuti aliyense amafuna mbale yakeyake ngati anthu okwiyirana, kenako amapempha timabisiketi ta maula, timene ku China iye sanationepo n'kamodzi komwe.

"Koma ndi anthu abwino," Nthanda anatero tsiku lina. "Amaseka ndi aliyense."

"Ndani wanena kuti ndi oipa?" Mayi Lau anayankha. "Mlongo wanga wakalamba akuwaperekeza ku Guangzhou. Iye amati ndi ana aakulu thupi. Mtima wawo uli pakamwa. Mngelezi chakudya chikamuipira amati chakoma, kenako sabweranso. Mmereka chikamukomera amakuwa, chikamuipira amakuwa. Akufunsa kuti uli bwanji, usanayankhe iye ali kale pamsewu. Ndipo thokoza kuti sanamve. Tsiku limene angakumvetsere, wapsa. Akaona udzudzu pamphumi pako, amathamangira nkhwangwa."

Onse anaseka, ngakhale Bambo Lau.

"Uwadyetse, uwamwetulire, uwaperekeze pakhomo. Za m'nyumba usawauze."

Nthanda anaseka nawo, koma mumtima anati ndi nsanje ya anthu osadziwa kucheza.

Tsoka linayambira pa chiwaya. Wophika wamkulu anali ndi chiwaya chake chachikulu, chakuda bii, chimene ankachitsuka yekha ndi madzi otentha basi. Lamlungu lina anachiiwala musinki. Nthanda anakulira m'nyumba mmene poto wakuda ndi manyazi a mkazi, mmene mtsikana amakwecha ndi mchenga mpaka aone nkhope yake. Anatenga sopo ndi kawaya kokwechera, n'kulimbana nacho mpaka zala zinasupuka. Chiwaya chinawala ngati ndalama yatsopano. Iye anachikweza m'mwamba akuyembekeza kuyamikidwa.

Wophika uja atachiona anagwira mutu ngati wamva za maliro. Kuda kumene kuja kunali mafuta a zaka zambiri, ndipo n'kumene kunkakometsa chakudya. Mayi Lau anafika ndi pakamwa pawo pa tsabola wa kambuzi.

"Mutu wako uli ndi chiyani, madzi? Ndani anakutuma? Manja achangu, nzeru zili kutchuthi!"

Anamukalipira m'Chingerezi, Chingerezi chitawathera anapitiriza m'chinenero chawo. Nthanda anabwerera pa sinki, misozi ikugwera m'thovu.

Ndi nthawi imeneyo pamene katani yofiira inatseguka. Mayi wina wa ku Amereka, wa imvi zodula bwino ndi kamtanda pakhosi, anali atasochera pofuna chimbudzi. Anaima, n'kuyang'ana mkazi wakuda ali yekha pakona, akulira, zala zikutuluka magazi.

"Mwana wanga, chachitika n'chiyani? Ndine Joan. Kwanu n'kuti?"

"Ku Malawi."

"Malawi! Tchalitchi chathu chimathandiza ana amasiye ku Africa konko!"

Asanaganize n'komwe, Nthanda anapezeka ali m'manja mwa mayiyo. Chichokere kumudzi panalibe munthu amene anamukumbatirapo chomwecho. A Joan ankanunkhira sopo wabwino, ndipo anamusisita pamsana ngati mwana. Anamunong'oneza kuti mawa lake akumane pa kanyumba ka tiyi ka kudoko, iwo ndi amuna awo, acheze bwinobwino.

Mayi Lau anaziona ndi kuzimva zonse ali pakhomo la stolo. Alendo atapita anabwera ndi kabotolo ka mankhwala, n'kukaika pambali pa sinki.

"Paka pa zalazo. Ndipo mawa usapite."

"Mawa ndi tsiku langa lopuma, Mayi."

"Ndiye upume."

Nthanda anaimbira Anti Phyllis poganiza kuti amuikira kumbuyo.

"Iwe, mapepala ako ali pati kuti uzikamwa tiyi ndi azungu osawadziwa?" Anti Phyllis anatero, kumbuyo kukumveka belu la wodwala. "Khala phee ngati nkhuku yofungatira. Ndili pa shifiti, usandipatse BP."

"Anti, ndi Akhristu anzathu. Avala ndi mtanda womwe."

"Akhristu ndi ambiri, mwana iwe. Mayi Lau aja akukalipira lero, mawa akupatsa msuzi. Amenewa mawa lawo ukulidziwa?"

"Inu simunamve mmene ananditukwanira."

"Kutukwana sikunaphe munthu. Ndanena ine."

Koma mtima wopwetekedwa uli ngati mbuzi yodula chingwe, sumva kuitana. Mawa lake Nthanda anavala diresi lake la kutchalitchi n'kukwera basi yopita kudoko.

A Joan anamulandira ndi manja awiri. Amuna awo, a Terence, bambo wamtali wofatsa amene kamera inkalendewera pamimba pake, anamukokera mpando. Anamuitanitsira tiyi ndi keke. Kenako a Joan anamugwira dzanja, n'kumuyang'ana m'maso.

"Tsopano tiuze zonse. Usabise kanthu."

Kwathu munthu akakhala pansi n'kufunsidwa malonje, sayankha ndi mawu awiri. Amayambira kumene wachokera, amadutsa pa matenda, pa njala, pa mbuzi imene inafa, pa apongozi ovuta. Amathirako kamchere kuti nkhani ikome, pakuti malonje ouma ndi chipongwe kwa wofunsa. Womvera amagwedeza mutu, amati pepani, pepani ndithu, Mulungu alipo. Kenako nayenso amatula zake. Akatha onse amapepukidwa, ndipo nkhani imatsala pamphasa pomwepo. Palibe amene amainyamula kupita nayo kubwalo.

Nthanda anapereka malonje otere. Anafotokoza za kuimirira pa sinki mpaka miyendo kutupa. Anafotokoza za kachipinda ka pamwamba pa khitchini kamene zovala zake zonse zinkanunkha anyezi. Anati malipiro amalandirira m'manja, popanda cholemba. Anati saloledwa kudutsa katani, alendo asamuone. Ananena ndi za mapepala zomwe. Pa chiwaya anathirapo mchere wambiri, mpaka iye mwini anayambanso kulira. Za jekete la ubweya limene Mayi Lau anamuvula mwana wawo n'kumupatsa iye, za tsiku limene anamuperekeza kwa dokotala chifuwa chitamugwira, sanazitchule. Sikuti anazibisa dala. Zabwino sizikhala ndi malo m'malonje a munthu wokhumudwa.

Atamaliza anapukuta maso, n'kudikira pepani.

Pepani sanabwere. Nkhope ya a Joan inali itafiira mpaka m'khosi.

"Terence, wamva? Mumzinda uno! Dzulo lomweli timaona maunyolo, lero tikumva izi. Uwu ndi ukapolo!"

"Joan, mwina tifunse kaye bwino," a Terence anatero motsitsa.

"Tifunse chiyani? Taona zala zake!"

Nthanda anabweza dzanja lake n'kulibisa pansi pa tebulo.

"Ayi, Mayi, ine ndimangofotokoza. Si anthu oipa kwenikweni."

"Onse ozunzidwa amatero, wokondedwa. Usaope. Tsopano uli ndi ife."

A Terence anawajambula chithunzi ali mutu ndi mutu. A Joan anamupatsa kakhadi ka nambala yawo, n'kumuuza kuti kwawo ku Ohio nyumba ndi yaikulu, chipinda chilipo, tsiku lina adzabwere. Pobwerera m'basi Nthanda ankadzitonthoza kuti anthu apaulendo amaiwala msanga.

Tsiku lotsatira, alendo atangodzaza matebulo, anamva mawu a pamsonkhano aja kuseri kwa katani. A Joan sanabwere kudzadya. Anaima pakati pa lesitilanti, chikwama paphewa, n'kuloza Mayi Lau ndi chala pamaso pa anthu onse, kuphatikizapo mabanja a Chitchaina amene ankadya pamenepo sabata iliyonse, anthu amene anadziwana ndi a Lau kuyambira ali achinyamata.

"Anthu inu mukudya thukuta la kapolo! Kuseri uko kuli mkazi amene amamutsekera ngati chiweto!"

Mayi Lau anamwetulira. Anawerama pang'ono, n'kuloza mpando.

"Zikomo, Mayi. Khalani pansi, mumwe tiyi."

"Sindimwa kanthu muno. Ndaimbira kale a boma, ndawauza zonse. Abwera."

Anakoka katani ija mwamphamvu mpaka mphete zina zinaduka. Nthanda anaonekera ali chiimire, siponji m'manja, maso onse a m'chipindamo ali pa iye.

"Bwera, wokondedwa. Auze zimene unandiuza."

Nthanda anayang'ana Mayi Lau. Kumwetulira kuja kunali kudakalipo, koma kunali ngati kojambula pakhoma. Bambo wina wachikulire wa Chitchaina anaika timitengo take pansi mwakachetechete, n'kuyang'ana m'mbale, kuti asaone manyazi a mnzake.

"Joan, sitima," a Terence anatero ali pakhomo, akuyang'ana wotchi. "Atisiya."

Madzulo omwewo ankakwera sitima ya pamadzi yowolokera ku Holland, kumene ulendo wawo unkapitirira. A Joan anamukumbatiranso Nthanda, thovu likuwanyowetsa malaya.

"Limba mtima. Zovuta zatha. Tizikupempherera."

Chitseko chinatsekeka. Mayi Lau anazungulira matebulo onse, akupepesa, akuthira tiyi waulere. Kukhitchini palibe amene anamulankhula Nthanda. Iye ankalakalaka atamukalipira, atamutukwana m'zinenero zonse ziwiri. Koma Mayi Lau ankangomudutsa ngati akudutsa mtondo.

M'mawa kutacha Nthanda anapeza katundu wake ali pansi pa masitepe, atapakidwa bwinobwino m'matumba a mpunga. Mayi Lau anali atakhala pampando, manja pamaondo, opanda zodzola kumaso. Anaoneka okalamba.

Nthanda anagwada.

"Mayi, ndikhululukireni. Sindinawatume. Ndinkangolankhula. Kwathu timatero, munthu akakufunsa umamuuza, nkhani imathera pomwepo."

"Kwathunso timatero," Mayi Lau anayankha mosakweza mawu. "Koma timasankha khutu."

"Ndikawauza a boma kuti ndi bodza."

"Ukawauza uli ndani? Akakupeza muno, iwe akunyamula, ine anditsekera. Dzuka. Pansi pazizira."

Nthanda sanadzuke.

"Ndipita kuti, Mayi? Nanga mwana wanga kusukulu?"

Mayi Lau anayang'ana matumba aja.

"Mayi uja pano ali pamadzi, wagona tulo tabwino. Akafika kwawo akaima kutsogolo m'tchalitchi. Akanena kuti ku England anapeza kapolo, anamumasula. Anthu akawomba m'manja. M'nkhani yake ine ndine Mtchaina woipa, ndipo sindidandaula, ndazolowera. Koma tandiuza, iwe m'nkhani imeneyo ukugona kuti?"

Bambo Lau ananyamula matumba aja mpaka pamalo okwerera basi. Basi itafika anangogwedeza mutu kamodzi n'kutembenuka.

Anti Phyllis anamutsegulira chitseko ali ndi yunifolomu, maso ofiira ndi tulo.

"Lowa. Sindikufunsa, ndamva kale. Hull yense wamva."

"Anti..."

"Usati anti. Ukudziwa kuti ndinawachonderera bwanji anthu aja kuti akutenge? Ndinati uyu ndi mwana wanga, pakamwa pake m'potseka. Ugona pa sofa. Koma landilodi akadziwa, tonse tili panja, ndiye usazolowere."

A boma anafikadi patapita masiku. Sanapeze munthu, koma anafunsa mafunso ambiri, anatsegula chipinda chilichonse alendo akuona. Mabanja ena aja anasiya kubwera. Mbiri inayenda m'makhitchini onse a Chitchaina mumzindamo, ndipo Amalawi ena awiri amene ankatsuka mbale kwina anauzidwa kuti ntchito yachepa. Kutchalitchi amayi ankamupatsa moni Nthanda ndi nsonga za zala. Kumudzi mchemwali wake anatumiza uthenga wakuti Lizzie amubweza pageti, ali pakhomo akuthandiza kupalira.

Kakhadi kaja Nthanda anakasunga m'Baibulo. Anadikira mpaka atatsimikiza kuti afika kwawo, n'kupempha foni ya Anti Phyllis. Inaitana nthawi yaitali.

"Halo? Ndani?"

"Ndine Nthanda, Mayi. Wa ku Hull."

"Ndani? O! Wokondedwa! Terence, ndi mtsikana wathu uja! Tinaonetsa chithunzi chako kutchalitchi, anthu analira. Watuluka m'malo oipa aja?"

"Ndatuluka, Mayi."

"Aleluya! Ndinadziwa ine."

"Koma ntchito ndilibe. Pogona ndilibe. Mwana wanga wasiya sukulu. Munanena za chipinda chija..."

Kunamveka galu akuuwa chapatali.

"O, mwana wanga. Zimenezo n'zovuta, za mapepala ndi zina, ife sitizidziwa bwino. Koma kumeneko kuyenera kuti kuli mabungwe othandiza. England ndi dziko labwino. Wafunsa abusa ako? Chachikulu n'chakuti ndiwe mfulu. Pepa, tili ndi alendo pakhomo, zidzukulu zafika. Uziimba, wamva? Mulungu akudalitse kwambiri!"

Foni inaduka. Nthanda anakhalabe ataigwira kukhutu, akumvera kulira kwake kopanda munthu. Anti Phyllis, amene anamva zonse ali pakhomo la khitchini, anabwera n'kuichotsa m'dzanja lake pang'onopang'ono. Sanamunyoze. Anakhala naye pa sofa, n'kunena mawu amene Nthanda anawafunafuna kudoko kuja.

"Pepa, mwana wanga. Pepa ndithu."

A Joan sanali munthu wankhanza, ndipo mpaka lero mwina amakhulupirira kuti anachita bwino. Anafika m'mawa, ananyowetsa masamba, dzuwa litakwera anali atapita, nthaka ili youma ngati kale. Amene anatsala ndi munda ndi Nthanda. Makolo athu ankatiphunzitsa kumulandira bwino munthu wapaulendo chifukwa sakhalitsa, koma m'mawu omwewo munali chenjezo limene Nthanda analimva mochedwa: palibe mlimi amene amabzala chimanga chake podalira chinyezi cha m'bandakucha. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka.